Kompyuta si woombeza ula, tisataye amisiri athu

Babu likathima m'chipinda, ngakhale mwana wa Sitandade 5 amadziwa poyambira. Amayamba wayang'ana ngati m'zipinda zina mukuwala. Akapeza kuti nyumba yonse ili mumdima, amasuzumira kwa aneba. Ngati nakonso kuli bii, amadziwa kuti vuto lili ku thiransifoma kapena kutsogolo kwake, basi n'kuyamba kusaka kandulo. Mafunso atatu okha, mlandu watha.

N'chifukwa chake ambirife timapsa mtima netiweki ikagwa kapena magetsi akathima dera lalikulu, ife n'kumauzidwa kuti akatswiri akufufuzabe chomwe chavuta. Timadzifunsa kuti kodi makompyuta odula aja ntchito yake n'chiyani ngati sangaloze pomwe pawonongeka? Nanga si tidauzidwa kuti masiku ano makina amadzipima okha ngati wodwala yemwe ali dokotala yemwe?

Funsoli n'labwino, koma yankho lake silikomera amene amagulitsa makinawa. Zoona zake n'zakuti kupeza gwero la vuto mu netiweki yaikulu, kaya ya magetsi, ya mafoni kapena ya mabanki, ndi imodzi mwa ntchito zomwe ngakhale kompyuta yamphamvu bwanji imatha kugwa nazo ulesi. Akatswiri a masamu akhala akudziwa izi kwa zaka zoposa 30. Ife tikuona kuti eni makampani, akuluakulu a boma amene amasaina makontrakiti ogulira makinawa, komanso ife ogula, tiyenera kuzidziwanso.

Tiyambe ndi zomwe zidachitika ku America Lachinayi pa 14 August 2003, chifukwa nkhani imeneyi idafufuzidwa mpaka pa mphindi iliyonse.

Tsikulo kudatentha ndithu m'chigawo cha Ohio ndipo anthu ankagwiritsa ntchito magetsi ambiri. Nthawi ya 1:31 masana, makina amodzi opangira magetsi pamalo otchedwa Eastlake adazima. Izi pazokha sizidali zoopsa. Koma nthawi ya 2:14, mu chipinda choyang'anira magetsi cha kampani ya FirstEnergy mumzinda wa Akron, pulogalamu yoliza alamu idauma. Siidalire, siidalembe uthenga uliwonse wosonyeza kuti yafa. Idangoti zii. Anthu amene adali pantchito adapitiriza kuyang'ana masikirini awo ali ndi chikhulupiriro choti poti alamu siikulira, ndiye kuti zonse zili bwino.

Kunja zinthu sizidali bwino. Nthambo za magetsi zikalemedwa zimatentha, zikatentha zimatamuka n'kulendewera. Nthawi ya 3:05 nthambo yaikulu ya Harding-Chamberlin idakhudza mtengo womwe sudadulidwe n'kuzima. Katundu wake adasamukira pa nthambo zina. Nthawi ya 3:32 ya Hanna-Juniper nayo idakhudza mtengo. Patangotha mphindi 9, ya Star-South Canton idatsatira. Anzawo a kampani yoyandikana nayo ya AEP ankaimba lamya kufotokoza zomwe akuona, amene amayendetsa malo opangira magetsi nawo ankaimba, koma a ku Akron adachedwa kukhulupirira makutu awo chifukwa makina awo sankanena kanthu.

Padali mlonda wachiwiri, bungwe la MISO, lomwe ntchito yake idali kuyang'anira dera lonse. Iwo adali ndi pulogalamu yomwe pachingerezi amaitcha state estimator. Imeneyi imatolera manambala kuchokera ku tizipangizo toyeza magetsi m'malo osiyanasiyana n'kupanga chithunzi cha momwe netiweki yonse ilili, kenako pulogalamu ina n'kumafunsa kuti nanga nthambo yakuti itazima, zinazo zipirira? Tsiku limenelo pulogalamuyi idasokonezeka cha m'ma 12:15 masana chifukwa idalandira manambala olakwika. Wogwira ntchito wina adaikonza, koma adaiwala kuyatsanso kabatani koipangitsa kuti iziwerengera yokha pakapita mphindi zingapo, iye n'kupita kukadya nkhomaliro. Atazindikira n'kuiyatsanso, idalepherabe kupanga chithunzi cholondola chifukwa nthambo ina, ya kunja kwa dera lomwe MISO inkayang'anira, idali itazima pulogalamuyo osadziwa. Idadzayamba kugwira bwino ntchito 4 koloko itadutsa.

Apo n'kuti madzi atafika kale m'khosi. Chakumapeto kwa mphindi ya 4:05 nthambo ya Sammis-Star idazima, ndipo iyi siidakhudze mtengo ayi. Kachipangizo koiteteza kadaona magetsi ochuluka akudutsa, kadaganiza kuti nthamboyo yawonongeka, n'kuidula. Pasanathe mphindi 10, makina opangira magetsi 508 m'malo 265 adali atazima. Anthu pafupifupi 50 miliyoni m'zigawo 8 za America ndi chigawo cha Ontario ku Canada adali mumdima, kuphatikizapo mizinda ya New York, Detroit, Cleveland ndi Toronto. M'madera ena magetsi adabwerera patatha masiku anayi.

Taonani, awerengi, kuti palibe chinthu chimodzi chomwe mungachiloze kuti ichi ndiye mfiti. Makina a ku Eastlake paokha sakadathimitsa dziko. Mtengo umodzi ayi. Alamu yofa payokha ikadangokonzedwa madzulo popanda wodziwa. Chidavuta n'chakuti zinthu zingapo zazing'ono zidakumana tsiku limodzi, ndipo ziwiri mwa izo zidali zipangizo zomwe ntchito yake idali kupeza mavuto. Cholakwika chomwe chidaumitsa alamu ija chidatengera mainjiniya a kampani ya GE, yomwe idapanga pulogalamuyo, masabata angapo kuti achipeze, akuchita kufufuza ali phee muofesi, magetsi atabwerera kalekale.

Tsono apa ndi pomwe pali masamu aja, ndipo tikupemphani mudekhe nafe pang'ono chifukwa si ovuta kumva.

Yerekezani kuti mbuzi zasowa m'khola usiku ndipo nkhani yafika pabwalo la amfumu. Mboni yoyamba ikuti wakubayo ali pakati pa anthu atatu omwe adawaona chakuchitsime. Yachiwiri ikuti ali pakati pa anayi omwe ankachokera kumowa. Yachitatu ikutchula gulu lina la asanu. Ngati pali munthu mmodzi yemwe akupezeka m'magulu onse atatu, nduna sizivutika. Koma ngati palibe woteroyo, ndiye kuti akuba adali awiri kapena atatu, ndipo tsopano nduna ziyenera kuyamba kuphatikiza maina awiriawiri, atatuatatu, kufuna kagulu kochepetsetsa komwe kangakwaniritse umboni wa mboni zonse. M'mudzi wa mabanja 20 zimenezi n'zotheka dzuwa lisanalowe. Mumzinda wa Lilongwe sizingatheke.

Kompyuta yofufuza vuto imagwira ntchito ngati nduna zimenezi. Alamu iliyonse ndi mboni. Siinena kuti chawonongeka ndi chakuti, imangonena kuti china chake mwa zipangizo izi sichili bwino. M'chaka cha 1987 katswiri wina wa pa yunivesite ya Toronto, Raymond Reiter, adalemba mwadongosolo kuti kupeza vuto m'makina kumathera pa funso lomweli, lopeza kagulu kochepetsetsa kokhudza magulu onse a okayikiridwa. Chaka chomwecho Johan de Kleer ndi Brian Williams adatulutsa njira yawo yofufuzira makina omwe awonongeka malo angapo nthawi imodzi. Tsoka lake, funso limeneli lidali kale pamndandanda wa mafunso 21 omwe Richard Karp adaonetsa mu 1972 kuti ndi a gulu limodzi louma kwambiri, lomwe akatswiri amalitcha NP-complete. Mpaka lero palibe amene wapeza njira yachidule yoyankhira mafunso a gulu limeneli nthawi zonse. Bungwe la Clay Mathematics Institute lidaika mphoto ya 1 miliyoni ya ndalama za ku America m'chaka cha 2000 kwa aliyense amene angatsimikize kuti njira yotere ilipo kapena kulibe. Ndalamayo ikadali m'thumba mwawo.

Manambala ake ndi awa. Netiweki ikakhala ndi zipangizo 1,000 ndipo chawonongeka n'chimodzi, okayikiridwa ndi 1,000. Kompyuta imamaliza musanaphethire. Zikawonongeka ziwiri, magulu oyenera kuwaganizira ndi 499,500. Zikakhala zitatu, apitirira 166 miliyoni. Ndipo mukati kompyuta iyese kuphatikiza kulikonse kotheka, osaika malire a chiwerengero cha zowonongeka, chipangizo chilichonse chomwe mwawonjezera chimachulukitsa ntchito kawiri. Kompyuta yoyesa magulu 1 biliyoni pa sekondi ingatenge zaka 36 kuti imalize netiweki ya zipangizo 60 zokha. Muwonjezerepo 10 zikhale 70, zakazo zipitirira 37,000. Kugula kompyuta yothamanga ka 1,000 kuposa iyi kungokupatsani mpata wa zipangizo 10 zina basi. Pamene netiweki ya magetsi kapena ya mafoni ya dziko ili ndi zipangizo masauzande.

Wina anena kuti nanga bwanji makinawa amagwira ntchito tsiku ndi tsiku? Amagwira, ndipo tisawanyoze. Amagwira chifukwa amene adawapanga adawaphunzitsa kudula njira. Amayamba ndi kuganiza kuti chawonongeka n'chimodzi, mwina ziwiri. Amayamba ndi zomwe zimawonongeka kawirikawiri. Amakhulupirira kuti mboni zawo, tizipangizo toyeza tija, sizikunama, komanso kuti mapu a netiweki omwe adapatsidwa ndi olondola. Masiku ambiri zonsezi zimakhala zoona, ndipo vuto limapezeka mumasekondi, ife osadziwa n'komwe kuti padali vuto. Koma tsiku loipa ndi lomwe zoganizirazi zimasweka, monga mapu a MISO omwe ankaonetsa nthambo yozima ngati yamoyo. Makina amathandiza kwambiri pa mavuto omwe mmisiri wabwino akadawapeza yekha, n'kufooka pa tsiku lomwe tikuwafunitsitsa.

Kuchulukitsa mboni nakonso si mankhwala. Pa 28 March 1979, pamalo opangira magetsi a nyukiliya a Three Mile Island ku Pennsylvania, maalamu oposa 100 adalira m'mphindi zochepa zoyambirira, ogwira ntchito n'kusowa kuti amvere iti. Valavu ina idakanirira yotsekula kwa maola oposa awiri, madzi oziziritsa akutayika, pamene kagetsi ka pathebulo kankaoneka ngati kakunena kuti yatsekeka. Kagetsiko kwenikweni kankangosonyeza kuti lamulo loti itsekeke latumizidwa. Ku Akron alamu idakhala chete, ku Three Mile Island idasokosa mopitirira, koma onse awiri adathera mumdima umodzi wosadziwa chomwe chikuchitika.

Mwina mukuti izi n'zakale, makompyuta a lero ndi ena. Kumbukirani madzulo a Lolemba pa 4 October 2021. Cha m'ma 5:40 nthawi ya kuno, WhatsApp, Facebook ndi Instagram zidangoti zii dziko lonse lapansi mpaka cha pakati pa usiku. Ambirife tidachita zomwe mwana wa babu uja amachita: tidayang'ana bandulo, tidazimitsa foni n'kuyatsanso, tidanyoza kampani zathu za mafoni zomwe zidalibe mlandu. Chizindikiro chidali m'manja mwathu, gwero lake lili kutsidya kwa nyanja.

Malinga ndi zomwe kampani ya Facebook idafotokoza yokha pambuyo pake, mainjiniya ake ankagwira ntchito ya masiku onse yosamalira netiweki, ndipo lamulo lina lomwe adatumiza ku makina lidadula mwangozi njira zonse zolumikiza malo awo osungira makompyuta. Padali pulogalamu yomwe ntchito yake idali kuletsa malamulo oopsa otere, koma nayo idali ndi cholakwika, siidaletse. Choseketsa, kapena tinene chomvetsa chisoni, n'chakuti zipangizo zomwe mainjiniyawo amagwiritsa ntchito pofufuza mavuto zinkadalira netiweki yomweyo yomwe idagwa. Adachita kutumiza anthu kuti akafike pamakinawo ndi manja, ndipo chitetezo chokhwima cha pamalopo chidawachedwetsanso. Akuluakulu adati khoswe akakhala pamkhate sapheka. Iyi ndi imodzi mwa kampani zolemera kwambiri padziko, yokhala ndi akatswiri osankhika, koma idatha maola pafupifupi 6.

Ngakhale ku Ulaya, magetsi atathima m'maiko a Spain ndi Portugal nthawi ya 12:33 masana pa 28 April 2025, kugwa kwenikweniko kudatenga masekondi ochepa, koma lipoti la boma la Spain lofotokoza chomwe chidachitika lidatuluka pa 17 June, patatha masabata 7. Litatuluka, kampani yoyendetsa nthambo zikuluzikulu ya Red Eléctrica ndi makampani opanga magetsi adapitiriza kulozana zala.

Masiku ano ogulitsa makina abwera ndi mawu atsopano, akuti AI ithetsa zonsezi. Sitikukana kuti mapulogalamu amenewa akuthandiza. Amatha kusefa maalamu masauzande n'kuwaika m'magulu, amatha kuzindikira kuti thiransifoma yakuti yayamba kudwala isanafe. Koma nzeru zawo amazitenga ku mavuto omwe adachitikapo kale, pamene ngozi zikuluzikulu zomwe tatchulazi zidali kukumana kwa zinthu komwe sikudachitikepo. Ndipo AI siifafaniza masamu a Karp. Imangolota mwanzeru kuposa makina akale. Wogulitsa aliyense wonena kuti makina ake amapeza vuto lililonse, nthawi iliyonse, mwina sadziwa katundu wake kapena akuona kuti wogulayo ndi amene sadziwa.

Zonsezi zikutikhudza bwanji kuno kumudzi? Zikutikhudza chifukwa tikuyenda njira yomweyo. Malipiro a ambiri amadutsa m'makina a mabanki, ndalama za kumudzi timatumiza pafoni, mayunitsi a magetsi ndi madzi timagula pafoni, ndipo zonsezi n'zolumikizana moti china chikatsokomola, zinzake zimagwidwa chimfine. Mu May 2024 nthambo za intaneti za pansi pa nyanja za EASSy ndi Seacom zitaduka kufupi ndi gombe la South Africa, intaneti idavuta kuno ngakhale tilibe nyanja yamchere. Mzere wa magetsi wochokera ku Matambo m'dziko la Mozambique kufika ku Phombeya m'boma la Balaka udakonzedwa kuti utilumikize ku magetsi a maiko a kummwera kwa Africa. Ndi chinthu chabwino chomwe tachilira kwa zaka zambiri. Koma walira mvula walira matope: netiweki ikakula, vuto lobadwira kutali limatha kufika pakhomo, ndipo okayikiridwa aja amachuluka.

Mavuto omwe tidazolowera ndi ooneka ndi maso. Namondwe Ana atawononga damu la Kapichira mu January 2022, padalibe chofufuza, aliyense adaona pomwe madzi adang'amba. Mavuto omwe akubwera ndi obisika, ndipo tikuopa kuti tingawalandire titachotsa kale anthu omwe akadatithandiza.

Nkhawa yathu yaikulu ili pamenepa. Pali chizolowezi, osati kuno kokha, choti kampani ikagula makina atsopano imayamba kuona amisiri akale ngati katundu wolemetsa. Bambo amene wagwira ntchito pa nthambo zaka 25, amene amadziwa kuti mvula ikagwa chakuti chimayamba kuvuta pakuti, amapatsidwa kalata yopuma msanga, nzeru zake n'kupita nazo kumudzi osazilemba paliponse. Chonsecho chomwe chimadula masamu aja kuchoka pa mamiliyoni kufika pa okayikiridwa asanu ndi nzeru zoterezi. Munthu wodziwa netiweki yake safufuza paliponse. Amadziwa koyambira, ndipo amatha kukayikira sikirini ikamanena zosemphana ndi zomwe mnzake akumuuza pa lamya. Ku Akron chidasowa n'chimenechi. Achinyamata ochokera ku MUBAS ndi MUST akufunika kwambiri, koma akhale pansi pa mapazi a akalewa kwa zaka zingapo, ndipo aziyesedwa kuyendetsa zinthu makina atazimitsidwa dala, monga momwe oyendetsa ndege amaphunzirira.

Amene amagula makinawa m'malo mwa anthu aphunzirenso kufunsa mafunso osasangalatsa asanasaine. Kodi makinawa amaganiza kuti zingawonongeke zingati nthawi imodzi? Alamu ikafa, chimatiuza n'chiyani kuti yafa? Netiweki ikagwa, zipangizo zofufuzira zili ndi njira yakeyake kapena zigwera limodzi? Mapu a netiweki amawakonza ndani mmisiri akasintha waya usiku? Mafunso amenewa safuna digiri ya masamu. Ndiponso netiweki imangidwe m'zigawo zoti n'kudulidwa chimodzi chikavuta, chifukwa kufufuza midzi 10 payokhapayokha n'kopepuka kutalitali kuposa kufufuza mzinda umodzi waukulu. Za kudula mitengo pansi pa nthambo sitichita kunena.

Kwa ife ogula, kudziwa izi kusatisandutse anthu ongovomera chilichonse. N'zoona kuti injiniya akanena kuti akufufuzabe patatha ola limodzi, nthawi zambiri sakunama, ndipo kumutukwana pa wailesi sikufulumizitsa kanthu. Koma kuvuta kwa ntchito si chilolezo chokhalira chete mpaka kalekale. Mawu akuti "ndi netiweki", omwe timawamva pakauntala tsiku lililonse, ndi chizindikiro chabe, si yankho.

A ku America ndi Canada adakhazikitsa gulu lofufuza lomwe lidatulutsa lipoti lake mu April 2004, lokhala ndi mfundo 46 zoyenera kukonza. Chaka chotsatira nyumba ya malamulo ya America idakhazikitsa lamulo lopangitsa kuti malamulo osamalira netiweki ya magetsi akhale okakamiza, ophwanya azilipira chindapusa, pamene kale kampani zinkangowatsatira mwa kufuna kwawo. Tikupempha mabungwe a Mera ndi Macra, komanso Reserve Bank kumbali ya mabanki, kuti nthawi iliyonse magetsi, mafoni kapena makina a ndalama akagwa dera lalikulu kwa maola ambiri, kampani yokhudzidwayo izilemba lipoti lomwe anthu angaliwerenge, m'Chingerezi ndi m'Chichewa, pasanathe miyezi iwiri kapena itatu. Cholinga si kupeza woti achotsedwe ntchito, chifukwa mukatero aliyense adzabisa zomwe akudziwa. Cholinga n'chakuti kukumana kwa mavuto komwe kwachitika kamodzi kulembedwe, kuti amisiri ndi makina omwe adzakuzindikire ulendo wina.

Lipoti la ku America lija lili ndi masamba oposa 200. Lathu litha kukhala la masamba 5, bola linene nthawi yomwe chizindikiro choyamba chidaoneka, amene adachiona, zomwe makina adanena, ndi zomwe zidapezeka kuti zidali zoona.